Ndakaiona ndekha njira ya Weavers' Way

Abale, mwezi watha ndinafunsa chifukwa chomwe njira ya oyenda pansi ya mamailosi 61, yochokera ku Cromer kukafika ku Great Yarmouth m'chigawo cha Norfolk ku England, imatchedwa njira ya owomba nsalu. Zikomo amene munandilangiza kuyambira ku North Walsham, tauni yomwe njirayi imadutsamo.

Loweruka ndinayenda motsatira njanji yakale, kenaka n'kupatuka kupita ku Worstead. Nsalu yaubweya ya worsted, ija amasokera masuti, dzina lake linachokera pamudzi umenewu, pomwe amisiri owomba nsalu ochokera ku Flanders, dera lomwe mbali yake yaikulu ili ku Belgium masiku ano, anakhazikika kalekale. Chinandigwira mtima ndi tchalitchi cha St Mary: kamudzi kakang'ono, koma nsanja yake imaonekera patali, ndipo chinamangidwa ndi ndalama za nsalu. Ndinakhalamo kanthawi ndithu, nsapato zili matope okhaokha.

Mbali ya njirayi yodutsa ku tauni ya Aylsham ndidzayenda mvula ikadula.