Ndithandizeni pa Chingerezi, mayeso olowera ku unamwino atsala milungu itatu

Abale anga, ndabisa dzina poti anzanga a kusekondale ali m'gulu lomwe lino. Andiitana kukalemba mayeso olowera kosi ya unamwino ndi uzamba ku koleji ina ya pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo. Chaka chatha ndinalemba kwina, dzina silinatuluke. Biology ndi masamu sizinandivute ayi, chinandigwetsa ndi Chingerezi, pomwe pa MSCE ndinapeza 4.

Panali funso loti tidzaze mpata: "The nurse will ___ the mother to breastfeed", tisankhe advice kapena advise. Ndinaluma cholembera mpaka woyang'anira ananena kuti zatsala mphindi 5. Kenako affect ndi effect, lose ndi loose, mutu unangozungulira. Inu munadutsa, munkawasiyanitsa bwanji mawu amenewa? Kuloweza ndaloweza, koma ndikakhala pa desiki amathawa onse.

Namwino wa ku Mzuzu: Achemwali, pamenepo yankho ndi advise. Wa c ndi dzina, uphunguwo. Wa s ndi mneni, kulangizako. Practice ndi practise zimayendanso choncho, poti kuno timatsata kalembedwe ka ku Britain. Musadalire foni, zambiri zimakonzera ku cha ku America. Affect ndi kukhudza, effect ndi zotsatira zake, ngati side effects za mankhwala. Lose ndi kutaya, loose ndi chosalimba, monga loose stools pa mwana wotsegula m'mimba.

Mphunzitsi wopuma: Mwana wanga, vuto lalikulu si mawu a m'bukuwo, ndi Chichewa chimene chili kumbuyo kwa Chingerezi chako. Ife timati "kumva" pa khutu, pa ululu ndi pa fungo, ndiye mwana amalemba "I hear pain" m'malo mwa feel. Timamwa mankhwala, koma Mzungu amati take, ngakhale akhale amadzimadzi. "Ndibwereke cholembera" si borrow me, ndi lend me. Komanso "iye" wathu sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Ndawongolapo mapepala ambiri onena za mayi woyembekezera kuti he.

Wophunzira chaka chachiwiri: Musaiwale l ndi r, asisi. Kwathu ukasinthanitsa palibe chimasokonekera, koma uko liver ndi chiwindi, river ndi mtsinje. Ine ndinalemba "correct the urine sample" m'malo mwa collect, kalasi yonse inaseka mpaka misozi. Gulani kope la pa golosale, liwu lililonse mulipangire chiganizo cha kuchipatala. Breath ndi breathe, dose ndi doze, heal ndi heel, zikhalemo.

Mwini funso: Zikomo kwambiri nonse. Aphunzitsi mwandigwira, "borrow me" ndimanena tsiku ndi tsiku osadziwa kuti ndikulakwa. Kope ndagula kale madzulo ano. Nanga since ndi for? Wodwala akati wakhala akutsokomola masiku atatu, ndilembe uti?

Namwino wa ku Mzuzu: For three days. Since muikeni akatchula tsiku lomwe chinayamba, since Monday.