Tikuyambitsa mpingo ku Hopley: tiyambe ndi njerwa kapena ndi anthu?

Mtumiki wa mpingo, Hopley

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndikupempha nzeru zanu. Mabanja angapo a ife amene makolo athu anachokera ku Malawi tikukhala kuno ku Hopley, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, ndipo tchalitchi chathu chili kutali, moti ndalama yokwerera kombi (minibasi) banja lonse Lamulungu imalanda ya ndiwo. Tayamba kusonkhana pakhomo pa mayi wina wamasiye, koma maganizo athu agawanika. Ena akuti tisonkhe kaye ndalama za malo ndi njerwa, poti anthu salemekeza mpingo wopanda denga lake, pamene ena akuti nyumba idikire, tiyambe talalikira khomo ndi khomo. Palinso nkhani ya chilankhulo, chifukwa agogo akufuna Chichewa chokhachokha, koma ana athu ngakhale tiwafunse m'Chichewa amayankha m'Chishona. Inu amene munayambitsapo mpingo, munayamba ndi chiyani?

Mkulu wa mpingo, Highfield

Mwana wanga, funso lanuli makolo athu analiyankha kale ndi moyo wawo. Anthu a ku Nyasaland atabwera kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'nyumba za azungu, ankapemphera m'makomboni asanakhale ndi tchalitchi chilichonse. Mbusa T.C.B. Vlok, yemwe anali mmodzi wa oyambitsa mishoni ya Mvera mu 1889, anadza ku Salisbury (Harare wa lero) mu 1912 kudzatumikira anthu amenewa, ndipo panapita zaka 53 kuti mipingo ya kuno ikhale sinodi ya CCAP mu 1965. Anthu ndiwo anatsogola, njerwa zinabwera pambuyo. Ngakhale Paulo polembera Aroma akupereka moni kwa mpingo wosonkhana m'nyumba ya Priska ndi Akula, amene anali osoka mahema monga iye mwini.

Choncho musachite manyazi ndi khomo la mayi wamasiyeyo. Chimene ndikukulangizani n'chakuti musadzidule ku mpingo umene munachokerako. Kauzeni abusa ndi akulu a mpingo kuti akulandireni ngati nyumba yopemphereramo, kuti ubatizo, Mgonero wa Ambuye ndi kalasi la ofuna kubatizidwa ziziyenda m'dongosolo. Timagulu tambiri tafa chifukwa choti zopereka zinali m'thumba la munthu mmodzi popanda kaundula, ndipo tsiku limene anthu anafunsa, chikondi chinathera pomwepo.

Mayi wachigwirizano, Mabvuku

Zikomo bambo chifukwa cha mbiri imeneyi. Ine ndiwonjezeko mbali imene abambo saiona kawirikawiri, yakuti aneba amawerenga moyo wathu asanamve ulaliki wathu. Kwathu kuno madzi ndi ovuta, ndipo pamjigo pamakhala mzere wa zigubu kuyambira tambala woyamba. Mayi amene wavala yunifolomu yachigwirizano pa tsiku la mapemphero, mawa lake nkukankha chigubu cha mnzake kuti atunge msanga, wagwetsa ulaliki wonse wa abusa. Koma amene amalola gogo kapena mayi woyembekezera kuti atsogole, iye nkubwerera kumbuyo mwakachetechete, anthu amayamba okha kumufunsa kumene amapemphera.

N'chimodzimodzi pa malonda. Ngati mukugulitsa tomato kapena makala, mulu wa mlendo ukhale wofanana ndi wa mbale wanu, pakuti buku la Miyambo likunena poyera kuti Yehova amanyansidwa ndi muyeso wonyenga. Ngati muli ndi alendi, musawatulutsire katundu panja mvula ikugwa chifukwa achedwa ndi lendi. Ndipo koposa zonse, maliro. Ambiri a ife tilibe mudzi kuno woti tikaikeko akufa athu, n'chifukwa chake makolo anakhazikitsa magulu othandizana pa maliro. Pakagwa zovuta kwa mneba, kaya ndi wa mpingo wina kaya sapemphera konse, pitani ndi ufa, nkhuni ndi mapoto aakulu, mugone pasiwa mukuimba nyimbo mpaka kucha. Mabanja amene ndawaona akulowa mpingo wathu, ambiri anayamba kutidziwa pa usiku woterewu.

Mnyamata wa kwaya, Chitungwiza

Makolo anga, ndiloleni ndilankhuleko pa za chilankhulo, ndipo ndikupepesa ngati ndisiyane maganizo ndi agogo athu. Ine ndimachikonda Chichewa ndipo ndikulemba m'Chichewa, koma anzanga ambiri anachoka mumpingo chifukwa ulaliki wonse unkawadutsa pamutu. Mukadzala mpingo wa Chichewa chokha pakati pa aneba olankhula Chishona, mwawauza musanatsegule pakamwa kuti pamenepa si pawo. Pa Machitidwe 6 mpingo woyamba unadandaula kuti amasiye olankhula Chigiriki akuiwalika pogawa chakudya, ndipo atumwi sanakane vutolo koma anauza mpingo kuti usankhe amuna asanu ndi awiri oti aliyang'anire. Nyimbo zathu za Chichewa zisatayike, pakuti ndizo zimatikumbutsa kumene tinachokera, koma ulaliki uzimasuliridwa, ndipo Sande sukulu iphunzitsidwe m'chilankhulo chimene mwana amalota nacho.

Mkulu wa mpingo, Highfield

Mnyamatayu wanena zoona, ngakhale kwa ife achikulire n'zowawa kumva. Yeremiya anauza andende a ku Babulo kuti afunire mtendere mzinda umene akukhalamo, ndipo ife Harare ndiye mzinda wathu tsopano.

Chomaliza, pa za malo. Anthu ambiri a ku Hopley anafika kumeneko nyumba zawo zitagumulidwa mu 2005, ndipo akudziwa kuwawa komanga popanda mapepala. Nthawi yogula malo ikadzakwana, musapereke ndalama za Akhristu kwa munthu wongoloza ndi chala kuti apa ndi panga. Tumani akulu awiri kapena atatu akafufuze ku khonsolo, ndipo mapepalawo alembedwe m'dzina la mpingo, osati la munthu.