Njinga yamoto ya malemu bambo ndikufuna ndipereke kwa othandiza odwala, ndiyambire pati?

Mtsikana_wa_Matawale

Moni nonse muno, ndithandizeniko maganizo. Bambo anga anatisiya chaka chatha ndiye anasiya njinga yamoto, Yamaha, ndi yakale ndithu koma imayenda bwinobwino mpaka mwezi omwe anagwa mphasa. Panopa yangokhala kuseli kwa nyumba taiphimba ndi lona, matayala aphwa onse ndipo mpando wayamba kung'ambika ndi dzuwa. Ine sindimatha kukwera, achimwene anga ali ku Lilongwe ali ndi galimoto yawo. Anyamata a kabaza akhala akubwera kuti tiwagulitse koma mtima ukukana.

Nthawi yomwe bambo amadwala tinawapititsa kumudzi mbali ya ku Jali, ndiye omwe ankabwera kudzathandiza mayi kuwasambitsa, kuwatembenuza, kukawatengera mankhwala kuchipatala, anali amayi a gulu lina loyendera odwala m'makomo, osalipidwa olo tambala, amayenda wapansi mvula kaya dzuwa. Mayi m'modzi amafika matope mpaka m'maondo koma amayamba wasamba m'manja kenako kugwada pambali pa bambo kuwafunsa kuti mwagona bwanji. Sindidzaiwala. Ndikufuna njingayi ipite kwa iwowo. Koma mapepala ake ali m'dzina la malemu, komanso sindikudziwa ngati ndiikonzetse kaye kapena ndingopereka momwe ililimu.

Makaniko_Mpondabwino

Pepani ndi maliro achemwali. Chonde musapereke momwe ililimo, mukawasenzetsa katundu amayiwo. Njinga ikakhala chaka osalira petulo amene anatsala mu thanki amaonongeka ndipo amamata mu kabuleta ngati ulimbo, ndiye choyamba kukhuthula thanki, kutsuka kabuleta, pulagi watsopano, oilo watsopano, batire nde ameneyo muiwale anafa kale. Muonetsenso tcheni ndi masproketi, ngati mano a sproketi asongoka ngati minga sinthani zonse pamodzi osati tcheni chokha ayi. Mabuleki, kebulo ya klatchi, machubu. Matayala okhalitsa ataphwa amachita ming'alu m'mbalimu, olo mapanga akuoneka abwino musawakhulupirire, kumudzi uko kukagwa mvula nthaka imaterera ngati therere. Akailiza muone utsi, Yamaha zina monga DT zija ndi za 2 stroke zimafuka mwachibadwa chifukwa zimaotcha oilo pamodzi ndi petulo, koma ngati ili ya 4 stroke nkumatulutsa utsi wa buluu ndiye kuti maringi atha. Ubwino wake Yamaha ndi chitsulo, ikakonzedwa bwino idzaona njinga zambiri zatsopanozi zikutha.

Nachisale47

Ine ndilankhule monga munthu amene ndakhalapo mu komiti ya gulu ngati limenelo. Ife tinalandirapo njinga yamoto kwa munthu wakufuna kwabwino, tinavina tsiku limenelo mpaka nthungululu, koma palibe anafunsa kuti mafuta azigula ndani. Miyezi iwiri yoyamba timasonkherana, wachitatu thumba linauma, kenako m'modzi mwa akuluakulu anati ndiisunge kwathu kuti isabedwe, mapeto ake tinkangoiona pamsika mwana wake atanyamula makasitomala, odwala ife tikuwayenderabe wapansi. Mpaka lero zimandiwawa chifukwa woperekayo anapereka ndi mtima onse.

Ndiye mwana wanga usanapereke pita ukakhale nawo pansi amayiwo, gulu lonse osati wapampando yekha. Uwafunse kuti adzayendetsa ndani, ali ndi laisensi, idzagona kuti, mafuta adzachokera kuti makamaka masiku ano oti petulo amatha kusowa sabata yathunthu. Magulu ena amagwirizana kuti masiku awiri pa sabata ichite kabaza ndalama izilowa mu buku la gulu, masiku enawo ya odwala, zimatheka ndithu bola zilembedwe. Ndipo tsiku lopereka pakhale amfumu, mlangizi wa zaumoyo wa dera limenelo ndi anthu a mudzi aone ndi maso kuti njinga iyi ndi ya gulu. Chinthu choperekedwa pagulu chimavuta kuchibisa.

Bambo_a_Chinamwali

Za mapepala musazitenge mopepuka. Blue book ikakhala m'dzina la bambo anu, tsiku lomwe njingayo idzagunde munthu kapena kugwidwa pa roadblock adzalondola pakhomo panu. Kusintha umwini kumachitika ku Road Traffic, ndipo poti mwini wake anamwalira sikungosainirana ngati mmene timachitira pogulitsana, adzafuna chiphaso cha imfa komanso kalata yosonyeza amene akuyang'anira chuma cha masiye, yambirani ku ofesi ya DC akuuzani njira. Gululo nalonso likhale lodziwika, magulu a m'midzi ngati amenewa (ma CBO) amalembetsa kudzera ku ofesi ya Social Welfare ku khonsolo, funsani satifiketi yawo muione. Kenako inshuwalansi, COF (chiphaso chosonyeza kuti njingayo ndi yoyenera kuyenda pamsewu), ndi zipewa ziwiri, cha oyendetsa ndi cha okwera. Komanso funso langa, mayi anu ndi abale a malemu mwawauza? Katundu wa maliro amadanitsa, mawa wina adzati mwana uja anagawa chuma cha m'bale wathu osatifunsa. Olo lamulo la chuma cha masiye la 2011 lija limateteza mkazi ndi ana, ulemu wowauza ndi wabwino.

Kachulu_boy

Mwina ndikhala ndekha koma ine ndikanagulitsa nkuwagulira njinga zakapalasa zolimba ngati ma Buffalo aja, angapo apeze yawoyawo m'malo moti anthu khumi azilimbirana chinthu chimodzi. Yakapalasa siifuna petulo, siifuna laisensi, ikaphulika chubu pa trading centre paliponse pali omata. Amayi ambiri akumudzi yakapalasa amatha kale. Koma ndikumvanso kuti wodwala wofooka kapena mayi woyembekezera usiku, yamoto ndiye imapulumutsa, ife kuno kunyanja timadziwa kutalika kwa msewu wopita mtauni. Afunseni eni akewo chomwe chingawathandize, angakudabwitseni.

Mtsikana_wa_Matawale

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kawiri kawiri. Mayi akudziwa ndipo ndi omwe anayambitsa nkhaniyi, koma azakhali sitinawauze, mwandikumbutsa bwino bambo a ku Chinamwali, ndiwaimbira madzulo ano. Amayi Nachisale nkhani yanu yandikhudza, mafunso anuwo ndawalemba mu kope momwe mwawanenera. Zogulitsa zija mtima sunavomerebe chifukwa ndimafuna anthu akumudzi akamamva kulira kwake azidziwa kuti ija ndi ya bambo aja, koma ndikawafunsa amayiwo ndipo akasankha zakapalasa ndidzatsatira zawo. Loweruka ndikwera ya ku Jali ndikakumane nawo. A Makaniko, ndaona pambali pa thanki palembedwa DT 125, ndiye kuitsitsimutsa kokha kuti ilire ndikonzekere zingati, ndipo mungabwere kudzaionera pakhomo pano poti siingayende?