Ndithandizeni nzeru: malo amene anasiyira sukulu kudera kwathu ayamba kuwadula mapuloti

Admin ndibiseni dzina chonde, chifukwa ena mwa anthu amene ndikuwanenawa ali m'gulu lomwe lino.

Abale anga, nkhani iyi yandisowetsa tulo. Ndimakhala kudera lina la kunja kwa mzinda, kumene ndinamanga zaka 12 zapitazo. Nthawi imeneyo kunali minda yokhayokha, nyumba zowerengeka, usiku kumangomveka achule. Anzanga ankati ndathawira kutchire. Lero ukaima pachitunda ndi malata okhaokha mpaka polekezera maso. Kwabwera mashopu a zipangizo zomangira, masukulu a mkaka pafupifupi msewu uliwonse, ndipo minibasi zimene zinkatisiya kutali tsopano zimafika pamphambano pathu. Kukulako sindikudana nako. Tinalira mvula, ndiye matope ake ndi amenewa.

Vuto ndi loti anthu abwera koma zofunika pa moyo wa anthu sizinabwere nawo. Sukulu ya pulayimale ya boma ndi imodzi yomwe ija tinaipeza, ndipo ana athu amadumpha msewu waukulu m'mawa uliwonse kuti akafike. Chipatala kulibe. Madzi amatuluka pakati pa usiku, modontha, chifukwa paipi anaiyika poyeza mabanja ochepa a nthawi ija. Ambiri angokumba zitsime pakhomo, pena moyandikana ndi chimbudzi cha aneba. Aliyense wamanga mpanda wa njerwa mpaka m'malire, ndiye madzi a mvula asowa kolowera, asandutsa msewu wathu chigwembe.

Zonsezi takhala tikupirira. Chimene chandibweretsa pano ndi bwalo. Pakati pa dera lathu pali malo aakulu, kukula kwake ngati mabwalo a mpira atatu. Pamene tinkagula, pa mapu amene anationetsa panalembedwa kuti malowo ndi a sukulu ndi chipatala chaching'ono. Ndi pokhapo patsala popanda nyumba. Ana amasewerapo, misonkhano timachitira pomwepo. Mwezi watha tinadzuka n'kupeza zikhomo za simenti zitakhomedwa mbali ya kum'mawa. Sabata yatha bambo wina wathirapo mchenga ndi njerwa, anyamata akukumba maziko. Titawafunsa anati anagula ndipo mapepala ali nawo, koma kutionetsa anakana.

Tinapita kwa a khansala, anati akufufuza, ndipo chiyambire tsiku limenelo foni sakuyankha. A phungu anati za malo n'za khonsolo. Kukhonsolo anatiuza kuti tilembe kalata, tinalemba, mpaka lero zii. Ndiye poti chisankho chayandikira, mkulu wina amene akufuna kudzaimira wabwera kwa komiti ya dera lathu (ine ndine wapampando) kuti abweretsa giredala kudzasalaza msewu ndi kutikumbira mjigo, bola komiti ionetse poyera kuti ili pambuyo pake. Za bwalo anangoti tidzaziona akapambana. Komiti yagawikana pakati. Ena akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, tilandire giredala. Ine ndikuti msewu ungathe kukonzedwa chaka chamawa kapena china, koma bwalo likadzadza nyumba sukulu tidzaimanga pati? Chifukwa cha mawu amenewa ena ayamba kunong'ona kuti ndatumidwa ndi chipani china, pomwe ine ndale sindinapangepo.

Amene munadutsamo mu zotere, tiyambire pati kuti kumangaku kuime? Nanga giredalayo tiikane?

Mayankho

Wopuma pa ntchito ya mapulani a mizinda:
Achimwene, musataye nthawi kukangana ndi womangayo, nkhondo yanu ili pa mapepala. Mapu amene anakuonetsani pogula aja mwina anali ongojambula wogulitsa. Chimene chili ndi mphamvu ndi pulani ya dera imene inavomerezedwa ndi ofesi yoona za mapulani, yokhala ndi nambala, deti ndi chidindo. Kapempheni kope yake. Ngati bwalolo likuoneka pamenepo ngati malo a sukulu, ndiye kuti aliyense wofuna kuikapo nyumba anayenera kupempha kaye kuti ntchito ya malowo isinthidwe, ndipo m'maiko ambiri pempho lotere limalengezedwa kuti okhudzidwa apereke maganizo awo asanavomereze. Funsani kuti chilengezocho chinatuluka liti. Kenako pitani ku kaundula wa malo mukafufuze kuti malowo ali m'dzina la ndani. Chinanso, kukhala ndi pepala logulira malo n'kosiyana ndi kukhala ndi chilolezo chomangira. Ngati alibe chilolezocho khonsolo ili ndi mphamvu yomuletsa ngakhale mawa.

Kalata yanu ija munasunga kope yodindidwa kuti yalandiridwa? Ngati ayi, lembaninso, mupite ndi makope awiri, imodzi akudindireni mubwere nayo. Kalata yopanda chidindo imasowa mosavuta. Ndipo musamaoneke ngati mukupempha chifundo. Bungwe la UN-Habitat, nthambi ya United Nations yoona za mizinda ndi malo okhala anthu, limalangiza kuti pafupifupi 30 peresenti ya malo a mumzinda ikhale ya misewu, ndipo 15 mpaka 20 peresenti ikhale malo a anthu onse monga mabwalo ndi mapaki. Yerekezani ndi dera lanu, muona kuti bwalo limodzilo n'lochepa kale. Fulumirani, chifukwa kuletsa munthu ali pamaziko n'kosavuta poyerekeza ndi pamene wafolera n'kulowetsamo ana.

Mayi wina:
Ndawerenga misozi ili m'maso. Kwathu zinayamba chimodzimodzi, nyumba imodzi pakona. Tinati tidikire chisankho chidutse. Pano pali nyumba zoposa 20, ana athu amasewera mumsewu, ndipo wanga wachiwiri anagundidwa ndi njinga yamoto pomwepo. Madzi akatayika saoleka bambo. Musadikire.

Namwino:
Ine ndaima pa zitsime zija. Malangizo a zaumoyo amati chimbudzi chokumba chitalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30, ndipo chikhale kumunsi kwake. Pa mapuloti ang'onoang'ono a m'tauni mtunda umenewu supezeka. Mvula ikagwa madzi apansi amakwera, zoipa za m'chimbudzi zimalowa m'chitsime, madziwo kumaoneka oyera bwinobwino. Kolera amayamba choncho. Pamene mukulimbana ndi za bwalo, uzani anthu azithira klorini kapena kuwiritsa madzi akumwa. Mjigo akukulonjezaniwo nawonso ayeze kaye madzi ake musanayambe kumwa. Nkhaniyi muiikenso m'kalata yanu, ndi umboni wakuti chipatala chikufunikadi.

Bambo wina:
Mundikhululukire, ndiyankhulirako womangayo. Ine ndinagulapo malo otere osadziwa. Wogulitsa anali ndi mapepala a zidindo, mboni zinalipo, ndalama zanga zonse za penshoni zinathera pamenepo, kenako anabwera kudzagwetsa. Mwina nayenso wapusitsidwa, ndipo akukana kuonetsa mapepala chifukwa cha mantha. Mupite anthu awiri okha achikulire, osati chigulu, mukamuuze kuti aime kaye asanaononge simenti yambiri. Akamvetsa, iyeyo ndi amene angakuuzeni wogulitsa. Ndipo chonde gwirani anyamata anu, asakazule zikhomo kapena kugumula usiku. Akatero mlandu utembenukira inu.

Mphunzitsi wa sekondale:
Za giredala musavutike nazo mtima. Msewu ndi wa anthu onse, wofuna kuukonza aukonze, simungamuletse ndipo simuyenera kumulipira ndi dzina la komiti. Komiti ikangovala mtundu wa chipani, theka la dera likusiyani, ndipo munthu wanuyo akagwa, wopambanayo zaka zake zonse adzakuonani ngati adani. Komanso msewu wosalazidwa popanda ngalande ndi makalavati umatha ndi mvula ziwiri.

Chitani izi. Itanani onse ofuna ukhansala tsiku limodzi, pabwalo pomwepo, anthu atadzaza. Funso likhale limodzi kwa aliyense: malo awa muwateteza bwanji, ndipo pofika liti? Wina alembe mayankho, asainire. A phungu sananame kwenikweni, ntchito yawo yaikulu ndi malamulo ndi bajeti ya dziko. Woimira dera lanu m'misonkhano ya khonsolo, kumene amagawa ndalama za ngalande, zinyalala ndi misika, ndi khansala. Misonkhano ikuluikulu ya khonsolo nthawi zambiri anthu wamba amaloledwa kukamvera, koma sitipitako. Ndipo anthu kukhala ndi mawu pa ndalama za mzinda si maloto. Ku Porto Alegre, ku Brazil, kuyambira 1989 anthu a m'madera ankakumana n'kusankha okha ntchito zoyamba kugwiridwa, ndipo madera osauka a m'mphepete mwa mzinda ndi amene anapindula kwambiri ndi madzi ndi mapaipi a zonyansa.

Mlongo wina:
Kodi msonkho wa malo mumalipira kumeneko? Ndikufunsa chifukwa ife titapita kukadandaula anatifunsa zimenezo poyamba. Tengani malisiti a amene amalipira muwaphatikize ku kalata. Mupezenso loya, ngakhale wa mabungwe othandiza mwaulere, akuuzeni za chiletso cha kukhoti. Adzafuna kudziwa kuti odandaula ndi ndani, ndiye sonkhanitsani maina ndi masaini a eni nyumba, osaiwala a lendi, ana awonso amafuna sukulu.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga yankho lililonse kawiri. Kope yodindidwa sitinasunge, ndiye usiku uno ine ndi mlembi tikulembanso kalata, Lolemba m'mawa tikapereka ndi kupempha pulani ija. A bambo amene munapusitsidwapo, mawu anu andigwira. Ndinali nditamuika kale munthu uja m'gulu la akuba. Mawa ndipita kukamuona ndi mayi mmodzi wachikulire wa m'komiti. Za msonkhano wa ofuna ukhansala ndikaziika pamaso pa komiti Loweruka, ngakhale ndikudziwa kuti awiri akakana. Msonkho timalipira ochepa, zimenezo ndivomere, ndipo ndikazinenanso Loweruka lomwelo.

Akuluakulu a mapulani aja, ndifunsenso: tikakapeza kuti pa pulani yovomerezeka bwalolo silinalembedwe kuti ndi la sukulu, kuti zinangolembedwa pa mapu a wogulitsa, pali njira yopempha kuti khonsolo iwasunge malowo? Masana ano ndadutsako, mbali imodzi njerwa zafika m'mawondo.