Za atate anga aja ankaopa imfa

Miyezi yapitayi ndinafunsa za atate anga, amene atapuma ntchito ku migodi ya ku Kitwe anabwerera kumudzi pafupi ndi Katete n'kuyamba kusowa tulo chifukwa choopa imfa. Ambiri munati ndipite nawo kuchipatala. Tinapitadi ku Chipata, anawayeza BP ndi shuga, osapeza vuto.

Nkhani yeniyeni inatuluka tikukazinga chimanga madzulo ena. Anati, "Mwanawe, zaka zonse zija sindinakumbeko manda a munthu pano. Anga adzakumba ndani?" Ndipamene ndinamvetsa. Ankadziona ngati mlendo pamudzi pomwe anabadwira, munthu wopanda ntchito kwa aliyense.

Amalume ndiwo anathandiza. Anayamba kuwatenga kumaliro alionse, kugona nawo pasiwa, ndipo mu Ogasiti anapita limodzi ku Kulamba ku Mkaika, komwe Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amakapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Panopa anyakwawa amawaitana pamilandu ya malire a minda, popeza amalemba bwino (amanyadira cholembera chawo ngati mwana!).

Mantha sanathe onse. Maliro a mnzawo akachitika, amakhala chete masiku awiri. Koma tulo akugona, ndipo sabata yatha anagula mbewu ya mtedza.