Analapa m'tchalitchi koma ndalama zathu sanabweze: kodi Ayuda amatani pa chaka chawo chatsopano?

Mayi a Chisomo, Luchenza

Moni nonse. Amene mukudziwa za chipembedzo cha Ayuda mundithandizeko, nkhaniyi yandikhala pamtima nthawi yaitali.

Kwathu kuno tili ndi banki m'khonde ya amayi. Ambiri timagulitsa nthochi ndi mapeyala pamsewu, ena amathyola tiyi ku esiteti. Timasonkha sabata iliyonse n'kugawana mu Disembala kuti aliyense apeze ya feteleza wobereketsa ndi ya fizi ya mu Januwale. Ndalama zina tinkasunga pafoni ya msungichuma poopa akuba. Tsiku logawana chaka chathachi, za pafonizo kunalibe. Zinadziwika kuti ankatapako n'kumapatsa amuna ake a geni ya nandolo, geniyo n'kugwa. Chimanga changa sichinadye feteleza wachiwiri, chinangochita chikasu chili m'chiuno. Mwana wanga wa Fomu 3 anakhala pakhomo teremu yonse, anzake akudutsa pakhomo pathu ndi mayunifolomu.

Usiku wa pa 31 Disembala, pa mapemphero olowera chaka, mayiyu anaimirira kutsogolo nalira, nati anachimwa koma Ambuye amukhululukira, akulowa chaka chatsopano ali woyera. Nthungululu zinamveka. Chimene anachimwacho sanachitchule, ndipo pakhomo panga sanapondepo mpaka lero. Tikakumana pamjigo amandipatsa moni ngati palibe kanthu. Ndikayankha mozizira, amayi anzanga akuti ndine wouma mtima.

Mlamu wanga akuti chaka chatsopano cha Ayuda chimagwa nyengo ino ya Seputembala, ndipo iwo amaphunzitsa kuti ukalakwira mnzako, Mulungu sakukhululukira usanapite kwa mwiniwakeyo. Kodi n'zoona? Amakonzekera bwanji? Nanga wolakwiridwa ngati ine amayembekezereka kutani? Nandolo wa chaka chino wacha, bambo aja ayambanso kugula ndi sikelo yawo pamsika, ndipo ine mtima ukuwawa.

Aphunzitsi opuma, Chitakale

Pepani Mayi a Chisomo, zimenezo n'zowawa. Mlamu wanu sananame.

Chaka chawo chimayamba pa tsiku loyamba la mwezi wotchedwa Tishrei, umene umagwa mu Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala. Chikondwererocho ndi Rosh Hashanah, cha masiku awiri. Mu 2025 chinayamba madzulo a pa 22 Seputembala, ndipo pa kawerengedwe kawo analowa chaka cha 5786. Mukatsegula Levitiko 23:24 mupeza tsiku loliza malipenga la mwezi wachisanu ndi chiwiri pa kawerengedwe ka miyezi ka m'Baibulo, ndi lomweli. Pa vesi 27 pali Tsiku la Chitetezero, Yom Kippur, pa tsiku la 10 la mwezi womwewo. Masiku 10 amenewa ndi olapa.

Koma sadikira tsikulo kuti ayambe. Mwezi wonse wa m'mbuyo mwake, Elul, ndi wodzifufuza. M'masunagoge ambiri amaliza shofar, lipenga la nyanga ya nkhosa yamphongo, m'mawa uliwonse kupatula pa Sabata, ndipo amawerenga Salimo 27. Kuchokera kumayambiriro kwa Elul kufika pa Yom Kippur ndi masiku pafupifupi 40, ndipo mwambo wawo umawagwirizanitsa ndi masiku amene Mose anakhala paphiri kukatenga magome achiwiri, Aisraeli atachimwa ndi mwana wa ng'ombe wagolide uja. Munthu amakhala pansi n'kuwerengera chaka chake: ndinakongola kwa yani, ndinanyoza yani, ndinanamizira yani.

Funso lanu lenileni likuyankhidwa mu Mishnah, buku la malamulo lomwe linasonkhanitsidwa cha m'ma 200 Yesu atabadwa. Pa Yoma 8:9 akuti Yom Kippur imachotsa machimo a pakati pa munthu ndi Mulungu, koma a pakati pa munthu ndi mnzake siichotsa mpaka wolakwayo atakapepesa mnzakeyo. Ngakhale usale kudya tsiku lonse, mlandu wa ndalama za mnzako umakhala ulipobe.

Mphunzitsi wawo wamkulu Maimonides, yemwe anabadwira ku Córdoba ku Spain namwalira ku Egypt mu 1204, anaiyala bwino nkhaniyi. Wolakwa asiye tchimolo, amve chisoni, aulule ndi pakamwa, atsimikize mumtima kuti sadzabwerezanso. Ngati ndi za katundu, abweze. Ndipo akuti ngakhale wabweza zonse, apitebe akapemphe chikhululukiro, chifukwa kubweza ndalama sikuchotsa manyazi ndi mavuto amene mnzake anadutsamo. Teremu ya mwana wanu ija ili m'gulu limeneli. Munthu woulula ndi pakamwa pokha koma tchimo asanalitaye amamufanizira ndi wolowa m'madzi odziyeretsera atafumbata chokwawa chakufa m'manja. Angamire kangati, sayera mpaka atachitaya.

Kubwezaku ngakhale m'Baibulo lathu kulimo. Levitiko 6 ikunena za munthu wonyenga mnzake pa chinthu chimene anamusungitsa, nalumbira monama: abweze chonse, awonjezepo gawo limodzi mwa magawo asanu, kenako ndiye abweretse nsembe yake. Onani dongosolo lake, mwini katundu choyamba, guwa pambuyo.

Wa ku Joni, kwathu ku Bvumbwe

Achemwali, ine za mabuku sindidziwa ngati aphunzitsiwa, koma ndinagwirapo ntchito ya pakhomo kwa banja la Chiyuda ku Glenhazel, ku Johannesburg, komwe kuli Ayuda ambiri opembedza. Ndikuuzani zomwe ndinaona ndi maso.

Mwezi umenewu ukafika, pakhomo pamasintha. Abwana amalawirira ku sunagoge, ndipo kutatsala sabata kuti chaka chilowe amapita kudakali mdima chifukwa pamakhala mapemphero owonjezera opempha chifundo. Mwana wawo wamwamuna ankayeserera kuliza nyanga ija kuseri kwa garaja. Kulira kwake si kokoma ngati lipenga la bandi, n'kosasa: kwina kwakutali, kwina kodukaduka katatu, kwina kofulumira ngati munthu akusisima. Adona amakhalira pafoni madzulo, kuimbira abale, ena oti sanayankhulane nawo miyezi. Pa chakudya cha usiku wa chaka chatsopano amaviika apozi mu uchi, ndipo buledi wawo amamuumba wozungulira. Masana a tsiku loyamba amayenda wapansi kupita komwe kuli madzi kukapemphera, akuti pokumbukira mawu a Mika 7:19 onena zoponya machimo m'nyanja yakuya.

Chimene sindidzaiwala ndi ichi. Chaka china mphete ya adona inasowa, ndipo anandifunsa mafunso pamaso pa ana awo ndi wantchito mnzanga, mpaka kuyang'ana m'chikwama changa. Inapezeka m'thumba la jasi lawo. Anangoti yapezeka, basi. Ine ndinameza, ntchito kunja n'njovuta. Patapita miyezi, kutatsala tsiku limodzi kuti Yom Kippur ifike, anandiitana m'khitchini, naitananso ana aja ndi mnzanga uja. Anaimirira, osakhala pampando. Anatchula mphete, anatchula chikwama, nati anandichititsa manyazi popanda chifukwa, ndipo akupempha kuti ndiwakhululukire. Mawu ankanjenjemera. Anadikira yankho langa, sanangonena n'kuchoka. Tsiku lomwelo abwana anandiwerengera ndalama za maola owonjezera zomwe zinatsalira, akuti sangalowe m'tsikulo ali ndi malipiro a wantchito m'thumba.

Yom Kippur yeniyeniyo amasala pafupifupi maola 25, osadya, osamwa ngakhale madzi, osasamba, osavala nsapato zachikopa. Mumaona bambo wolemera ali mu suti ndi nsapato zansalu, ambiri atavala zoyera, akuyenda wapansi.

Ndisanamepo, si onse amachita chonchi. Ena ndinkawaona amangopita ku sunagoge masiku amenewa okha, ngati ife a pa Khirisimasi. Adona nawo ukali sunathe. Koma zinthu zinasowanso m'nyumbamo kangapo, ndipo chikwama changa sanachigwirenso.

Mkulu wa mpingo, Makwasa

Zomwe anena achimwene a ku Bvumbwe pomalizapo ndiye muyeso wa Maimonides yemweyo: kulapa kwathunthu kumaoneka pamene mpata wa tchimo lomwe lija wabweranso, mphamvu zochitira uli nazo, koma osachita.

Komabe Mayi, ine ndikuopa kuti tingakupatseni ndodo yokamenyera mnzanu. Munafunsanso za wolakwiridwa, ndipo pamenepo chiphunzitso chawo n'cholemera kwa inunso. Akuti wolakwa akabwera kudzapepesa inu n'kukana, abwerenso ndi anzake atatu, kachiwiri, mpaka kachitatu. Mukakanabe pamenepo, iye wamasuka ndipo tchimo latsala kwa wokanayo. Amaletsa munthu kukhala wankhanza pokana kukhululuka pamene wapemphedwa ndi mtima woona. Ndiye dzifunseni kuti mayiyu atagogoda mawa, mudzamutsegulira?

Chinanso, tisaganize kuti izi n'zachilendo kwa Akhristu. Yesu anali Myuda, ndipo pa Mateyu 5:23-24 akuti ukakumbukira uli paguwa kuti m'bale wako ali nawe chifukwa, siya mtulo wako pomwepo, pita ukayanjane naye kaye. Zakeyu sanangolira, analonjeza kubweza kanayi. Vuto lili kwa ife atsogoleri. Timalandira maumboni osafunsa kuti kodi kwa eni ake munapitako? Usiku umodzi wa pa 31 timafuna tikwanitse ntchito imene anzathuwa amaipatsa masiku 40. M'mawa wa Yom Kippur iwo amawerenga Yesaya 58, pamene Mulungu akukana kusala kudya kwa anthu opondereza antchito awo, ndipo masana amawerenga buku lonse la Yona, pomwe akuti Mulungu anaona ntchito za anthu a ku Nineve, kuti anasiya njira yawo yoipa. Ife mavesi amenewa tili nawo koma timawadumpha.

Mayi a Chisomo, Luchenza

Zikomo nonse. Abambo a ku Makwasa, funso lanu ndalimva, ndipo ndiyankha zoona. Atabwera, mphasa ndimuyalira. Tinakulira limodzi, pa maliro a mayi anga anaphika nsima usiku wonse. Sindikufuna amangidwe, n'chifukwa chake sitinapite kupolisi ngakhale ena ankakakamiza. Ngakhale atati ndalama zonse alibe, azibweza pang'onopang'ono nandolo akagulitsidwa, ndingavomere. Chimene sindingathe ndi kunamizira kuti zinatha pamene mwiniwake sanatchulepo n'kamodzi komwe. Amayi ena m'gulu mwathu zinawavuta kuposa ine. Mmodzi ndi wamasiye wolera zidzukulu, anagulitsa mbuzi yake yokhayo. Wina anamwalira mu Meyi ndalama zake asanazione.

Aphunzitsi, ndifunsenso ziwiri. Umboni wa pagulu uja ulibe ntchito konse? Nanga amene anamwalirayo angapepesedwe bwanji?

Aphunzitsi opuma, Chitakale

Zonse ziwiri zili m'malamulo a kulapa a Maimonides.

Kuulula pagulu amakuyamikira kwambiri, koma pa machimo olakwira anzako, ndipo munthuyo atchule chimene anachita ndi amene anamuchitira. Machimo a pakati pa iye ndi Mulungu yekha akuti asawalengeze. Ndiye kuimirira kuja sikunali kolakwika, kunangoperewera. Akanati ndinatenga ndalama za amayi a gulu lathu, ndipo ndiyenda khomo ndi khomo, bwenzi nthungululu zija zili ndi malo ake. M'sunagoge pa Yom Kippur onse amaulula limodzi, akuti tachimwa, taba, tanena mabodza, aliyense akudziguguda pachifuwa, koma zimenezo sizilowa m'malo mwa ulendo wa kwa mwini mlandu.

Za womwalirayo akuti wolakwa atenge anthu 10, apite nawo pamanda, anene pamaso pawo kuti ndinachimwira Mulungu ndi munthu uyu pochita chakutichakuti. Ngati panali ndalama, azipereke kwa olowa m'malo a malemuyo. Kwathu kuno za kumanda n'zofunika amfumu ndi eni mbumba, sindikuti muchite chimodzimodzi. Koma za ndalamazo n'zomveka: ana a malemuwo ndiwo eni ake tsopano, ndipo amalume awo adziwitsidwe.

Pali chinanso chokhudza inu. Levitiko 19:17 ikuti usadane ndi m'bale wako mumtima, koma umudzudzule. Aphunzitsi a Chiyuda amati wolakwiridwa asangokhala chete n'kumasunga chidani, amuuze wolakwayo poyera, mofatsa, poyamba pa awiri, kuti unandichitiranji zimenezi. Moni wozizira wa pamjigo uja mayiyu akhoza kumaumva ngati mwangokhala wamwano. N'kuthekanso kuti manyazi ndi amene amumanga miyendo, ndipo umboni uja unali njira yake yothawira nkhope zanu.

Ndikanakhala inu, ndikanapita kwa iye madzulo ena sabata ino, nandolo asanathe m'minda, ndi mayi mmodzi wachikulire amene nonse mumamulemekeza. Mumuuze za chimanga chija ndi za teremu ya mwana. Tengani kope la gulu kuti aliyense aone zake zolembedwa, kuyambira za wamasiye uja ndi za ana a malemu, ndipo mugwirizane tsiku loyamba kubweza.