Thandizeni, chiyankhulo cha achinyamata ku Yogyakarta chandisowetsa mtengo wogwira

Moni nonse m'gulu muno, makamaka inu amene munaphunzirapo ku Indonesia.

Ndatha miyezi isanu ndili pasukulu ku Yogyakarta. Chiyankhulo cha m'kalasi ndikuchimva, kumsika ndimanenerera mtengo bwinobwino. Vuto lili pa anzanga. Madzulo timakhala pa angkringan, tingolo ta m'mbali mwa msewu togulitsa tiyi ndi timipukutu ta mpunga, n'kumacheza mpaka usiku, iwo amati nongkrong. Akangoyamba bahasa gaul, chiyankhulo chawo cha achinyamata, ine kakasi. Mawu ena amawadula, mager ndi ulesi wosafuna ngakhale kudzuka. Ena amawatembenuza, kuy ndi yuk (kutanthauza tiyeni) wowerengedwa chammbuyo. Pa WhatsApp ndiye musanene, sabata yathunthu ndinkayesa wkwkwk ndi chala chaterereka, chonsecho anthu akuseka. Pamwamba pa izo amathiramo Chijava, chiyankhulo cha makolo cha anthu a kuno.

Ndayesa dikishonale, ambiri mwa mawuwa mulibe. Pulogalamu yomasulira ya pafoni imanditulutsira zosamveka. Ndinatolako gue ndi lu (ine ndi iwe) pa TikTok, nditawayankhula anzanga anangoyang'anana, wina n'kundinong'oneza kuti amenewo ndi a ku Jakarta, kuno amamveka ngati kudzimva, ndizingoti aku ndi kamu. Manyazi ake!

Ndiye abale anga, inu munaphunzira bwanji? Ndiyambe kaye Chijava pang'ono, kapena ndilimbikire bahasa gaul yomweyi? Nanga ndi mawu ati amene mlendo sayenera kuwatchula pamaso pa akuluakulu?